Nsapato za sukulu: pitani ndi mwana pokagula



Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga a kuno ku Zomba pa nkhani ya nsapato za ana a sukulu. Nkhaniyi ikuoneka yaing'ono, koma ikudya ndalama zambiri m'mabanja mwathu, makamaka chigwereni mphamvu ya kwacha mu November 2023 pamene ndalama yathu inatsitsidwa ndi 44 peresenti.

Mwezi wa September ukamayandikira, funso lomwe limamveka m'minibasi ndi pabwalo la tchalitchi ndi limodzi: tikagule kuti nsapato zolimba? Ena amati kusitolo, chifukwa ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti nsapato za sukulu ndi za Bata. Ena amati pa kaunjika mumsika waukulu wa Zomba, kapena tsiku la msika pa Songani ndi pa Thondwe. Yankho langa ndi lakuti malo abwino ndi aliwonse amene mwana angavale nsapatoyo n'kuyenda nayo musanalipire, komanso amene wogulitsa mungadzam'pezenso mawa zinthu zikavuta.

Chizolowezi chomwe chikutipweteka ndi chonyamula kachingwe kapena kachitsotso komwe tayezera phazi la mwana, iye n'kumusiya kumudzi poopa ndalama ya thiransipoti. Kachitsotso kamangonena za kutalika kwa phazi. Sikadziwa kuti phazilo ndi lotambalala bwanji, pamene mwana wokulira kuyenda wopanda nsapato amakhala ndi phazi lotambalala kuposa la anzake. Nambala ya saizi nayonso ndi yosadalirika, popeza nsapato za kaunjika zimachokera m'maiko osiyanasiyana. Yomwe ku Britain amailemba 4, maiko ena a ku Ulaya amailemba 37, ndipo ku America ali ndi kawerengedwe kawonso. Ngati n'kosathekadi kupita naye, muimikeni papepala lolimba, mujambule mapazi onse awiri, mudule, ndipo mukalowetse pepalalo m'nsapato. Likapindika m'mbali, nsapatoyo isiyeni.

Mukapita naye, yesani masana, chifukwa phazi limatupako munthu akayenda. Avale masokosi omwe azidzavala kusukulu, ayese nsapato zonse ziwiri ataimirira, poti anthu ambiri phazi lina limakulirako. Pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato patsale mpata wokwana chala chanu chachikulu cha kumanja mutachigoneka. Kenaka ayende, ndipo muone ngati chidendene sichikutuluka. Mwana akati ikuwawa, mukhulupirireni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tisiyenso zogula nsapato yaikulu kwambiri n'kumati "akuliramo." Nsapato yokhwepa imatulutsa matuza, imakwekwereza pansi, ndipo imatha mwanayo asanakuliremo n'komwe. Kufutsira nsanza kutsogolo sikuthandiza pa njira zathu zino.

Ndikuti njira zathu zino chifukwa Zomba si malo a chidikha. Mwana wochokera m'mphepete mwa phiri amatsika m'mawa ndi kukwera masana, pamiyala ndi pamatope. Mvula ya kuno aliyense akuidziwa, kuyambira November mpaka April, ndipo June ndi July akafika, chiperoni chimanyowetsa udzu m'njira zonse. Kwa iwo okhala cha ku Chawe ndiye osanena. Nsapato yomata ndi guluu yekha singapirire madzi otere. Imayasama kukamwa teremu yoyamba isanathe.

Tsono poigwira nsapato, musatengeke ndi kuwala kwake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Itembenuzeni muone kunsi. Kukhale kwa labala yokhala ndi mizere yozama, yoti isaterereke pa mtsetse. Ipindeni: yabwino imapindika pomwe zala zimayambira, osati pakati. Finyani kumbuyo kwa chidendene, kuzikhala kolimba. Yang'anani ngati ulusi wadutsadi, chifukwa zina amangojambula mizere yooneka ngati msoko. Chikopa chenicheni mukachidina chimachita timakwinya ting'onoting'ono, chimamveka fungo lake, ndipo m'mbali momwe anadula simuoneka nsalu. Pulasitiki yonamizira chikopa imasweka ndi kusupuka, ndipo ikatero palibe mmisiri angaipulumutse.

Malo aliwonse ali ndi ubwino ndi msampha wake. Kusitolo mtengo ndi wokwera ndipo simunenerera, koma mwana amakhala pansi n'kuyesa modekha. Funsani musanalipire ngati amalola kusintha, ndipo lisiti muisunge. Dziwaninso kuti si nsapato iliyonse ya m'sitolo yomwe ili yachikopa. Pa kaunjika mutha kupeza chikopa chabwino zedi pa mtengo wotsikirapo, koma pamafunika maso. Polishi wakuda amabisa ming'alu. Nthawi zina nsapato ziwirizo si zapachibale, anangoziphatikiza chifukwa zikufanana. Zigundanitseni kunsi ndi kunsi muone ngati zikulingana. Ngati chidendene chinadyeka mbali imodzi, ndiye kuti inazolowera mayendedwe a mwini wake woyamba, ndipo mwana wanu izimupotoza. Oyendayenda nazo m'manja pa depoti ndiwo ofunika kusamala nawo kwambiri, osati chifukwa onse ndi achinyengo ayi, koma chifukwa mawa simudzadziwa kowapeza.

Pali munthu mmodzi amene timamuiwala: wosoka nsapato uja wokhala pakhonde la sitolo. Iyeyo tsiku ndi tsiku amaona nsapato zomwe zamatuka ndi zomwe zapirira, ndipo sakugulitsani kanthu. Safunsa anadya phula. M'funseni musanagule, ndipo mukagula m'patseni aisokerere kuzungulira isanayambe kuvalidwa. Ndalama yochepa imeneyo imapulumutsa yambiri. Ikanyowa, musaiyanike pamoto chifukwa chikopa chimauma n'kusweka. Futsiranimo mapepala, ngakhale nyuzipepala ino mukatha kuwerenga, iume pamthunzi, kenaka muipake polishi.

Ena adzati zonsezi ndi za anthu a ndalama. Ine ndikuti wosauka ndiye sayenera kuphonya, chifukwa ndalama ya nandolo kapena ya fodya imabwera kamodzi pachaka. Wolemera akalakwitsa amakagula ina Loweruka. Mlimi akalakwitsa mu September, mwana amayenda chosavala mu February, nthawi ya matope, pamene njoka zina za m'mimba zimalowera kuphazi.

Pomaliza ndipemphe abusa, ansembe, mashehe ndi aphunzitsi aakulu, popeza sukulu zambiri kuno zili m'manja mwa mipingo. Pamene boma linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, linanenanso kuti yunifolomu isakhale chifukwa chobwezera mwana kunyumba. Ngati zili choncho ndi yunifolomu, nanga bwanji nsapato? Mwana wobwera ndi patapata kapena wosavala konse asachititsidwe manyazi pa mzere, chifukwa manyazi amenewo ndiwo amakankhira kholo kukagula mothamanga nsapato yowala ya masabata atatu. Mabungwe a amayi m'mipingo angathenso kutolera nsapato zomwe zawathina ana ena koma zikadali zabwino, n'kuzipereka kwa amene zikuwakwana atayesa. Kulengeza kwa mphindi ziwiri pambuyo pa mapemphero mu August kungathandize mabanja ambiri.



Kholo lokhudzidwa,
Chinamwali, Zomba.