Galimoto ya Parishi Ikabedwa Lero, Ina Tidzaitenga Kuti?

Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, itachepetsedwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Ambiri tinazimvera pa mtengo wa feteleza ndi shuga, koma nkhaniyi inafikanso m'garaja ya parishi. Galimoto za pikapu, monga Toyota Hilux ndi Land Cruiser, zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mamishoni ambiri anazipeza ndi thandizo la mabungwe onga MIVA. Galimoto yotereyi ikabedwa, chopereka cha Akhristu sichingagule ina msanga. Pamenepo Misa ku nthambi zakutali imasowa, ndipo odwala amadikira wansembe amene alibe chokwera.

Kawirikawiri akuba satenga galimoto yonse. Amafuna batire, tayala lapadera ndi dizilo, zinthu zimene zakwera mtengo ndipo sizichedwa kupeza wogula. Komanso pikapu ili ndi vuto lakelake: kumbuyo kwake n'kosatseka. Thumba la ufa wa okalamba kapena katoni ya mankhwala a chipatala imatsitsidwa pamene dalaivala walowa m'sitolo kwa mphindi zisanu. Lona amabisa katundu, koma mpeni suopa lona. Pa galimoto pazitsala munthu, makamaka ikagona pa mzere wa mafuta. Tayala lizimangidwa ndi unyolo ndi loko. Chikwama cha ziwiya za Misa chisasiyidwe poonekera, ndipo Ukaristia wopita kwa odwala usatsale m'galimoto ngakhale kwa kamphindi.

Koma pamene tikufooka kwambiri ndi pa inshuwalansi. Imene lamulo la dziko limakakamiza imalipira munthu wina amene galimoto yathu yamuvulaza kapena kumuonongera katundu. Galimoto ikabedwa, silipira kanthu. Yolipira pa kuba ndi yodula, n'chifukwa chake timaizemba, nkumaganiza kuti pepala lomata pagalasi latiteteza. Chonsecho Malamulo a Mpingo, pa nambala 1284, amalamula oyang'anira chuma kuti azisamala katundu monga mwini nyumba wabwino, ndi kulemba inshuwalansi pamene kuli kofunika.

Udindowu si wa bambo mfumu okha, poti galimotoyo si yawo. Bungwe la zachuma la parishi lifunse mtundu wa inshuwalansi imene ilipo, amene amasunga makiyi apadera, ndiponso ngati mlonda walandira malipiro ake mwezi uno. Pokonza bajeti ya chaka chamawa, ndalama za inshuwalansi zilembedwe pamodzi ndi za mafuta.