Mphika wa nyemba ukasanduka uvuni

Nyengo ya manachesi ikafika, kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti, woyenda pa msewu wa ku Mwanza amaona milu ya zipatso m'mbali mwa msewu. Pambali pa mulu uliwonse pamakhala mulu wina umene palibe amauwerengera, ndiwo wa makoko. Komatu fungo lenileni la nachesi, lalanje kapena ndimu limakhala m'timatumba ta mafuta timene tili pakhungu lakunja, osati m'madzi ake. Finyani khoko la lalanje pafupi ndi lawi la kandulo, muone momwe timadontho take timathethekera. Mwezi uno tikambirana za mabisiketi amene amadalira fungo limenelo, ndi momwe munthu wopanda uvuni angawaphikire.

Wayambitsa nkhaniyi ndi mayi wina, mlangizi wa magulu a banki mkhonde. Iwo anamva kuti mphika wa pressure cooker, uja wotseka ndi mphira n'kumaliza mluzu pamwamba, umatha kuphika keke ndi mabisiketi, ndipo akufuna kudziwa ngati gulu lawo lingayambire pamenepo kabizinesi. Mayi, zimene munamvazo n'zoona. Koma mphikawo umaphika mabisiketi pokhapokha mutauchotsa zonse zimene zimaupangitsa kukhala pressure cooker, ndipo pali mtengo wake umene ofalitsa njirayi satchula kawirikawiri.

Tiyambe ndi mabisiketiwo. Ndasankha a ku Scotland otchedwa shortbread. Musadabwe kuti tapita kutali chotere, pakuti ngakhale sikono imene timamwera tiyi inachokera komweko. Kaphikidwe ka shortbread kanasindikizidwa koyamba mu 1736 m'buku la mayi wa m'dzikomo, Mrs McLintock, ndipo m'kupita kwa zaka muyeso wake unakhazikika motere: gawo 1 la shuga, magawo 2 a batala ndi magawo 3 a ufa wa tirigu, poyeza kulemera kwake. Mulibe dzira, mkaka, yisiti kapena soda. Chinsinsi chake n'chakuti ufa wa tirigu ukakumana ndi madzi n'kukandidwa, umapanga ulimbo wina wotchedwa gluten, umene umachititsa ufa wokanda wa buledi kutamuka. Koma mafuta akayamba kukuta ufawo madzi asanafike, ulimbowo supangika, ndipo bisiketi imangonyenyeka m'kamwa. Tsono pa ntchito yonseyi madzi ndiye mdani wamkulu.

Apa ndi pamene pagona vuto la mphika wathu, chifukwa unapangidwira madzi ndi nthunzi. Kholo lake analipanga ndi Mfalansa Denis Papin mu 1679. Mumphika wamba madzi amawira pa madigiri 100, ndipo kumadera okwera amawira asanafike pamenepo. Nthunzi ikatsekeredwa m'kati, kutentha kumakwera kufika pafupifupi madigiri 120, n'chifukwa chake nyemba zimene zimatha maola awiri kapena atatu pamafuwa zimapsa ola lisanakwane. Shortbread imafuna madigiri 150 mpaka 160, ndiponso kutentha kouma. Mukaiphika ndi nthunzi mudzaphula phala lamafuta.

Anthu a ku India, kumene mabanja ambiri ali ndi mphika wotere koma alibe uvuni, anapeza njira kalekale. Amachotsa mphira wa pachivundikiro, amachotsanso kachitsulo kolemera kamene kamaliza mluzu, sathira madzi, ndipo pansi amayala mchere kapena mchenga. Mmenemo amaphikamo keke ndi mabisiketi awo otchedwa nankhatai, amene ali pachibale ndi shortbread. Chotsala pamenepo ndi poto wokhuthala wokhala ndi kabowo kotulutsira chinyezi. Mayi aliyense amene anaphikapo chigumu, makala pansi makala pamwamba, sangaone chachilendo.

Mtengo wake uja ndi uwu. Ena mwa opanga miphika imeneyi amalemba poyera m'timabuku ta malangizo kuti mphika usatenthedwe wouma ngati uvuni, pakuti aluminiyamu imafooka, ndipo mphika wofooka ndi woopsa tsiku limene mudzautsekerenso nthunzi. Pachivundikiro palinso kachotsekera kachitetezo ka chitsulo chofewa, kamene kanapangidwa dala kuti kazisungunuka mphika ukauma pamoto. Kuphika kouma kungathe kukawononga inu osadziwa. Maganizo anga ndi akuti mphika umene ukuphikabe nyemba, nandolo ndi nyama yolimba usiyidwe pa ntchito yake. Nkhuni ndi makala zimene umapulumutsa pa chaka ndi phindu loposa mbale ya mabisiketi. Uvuni ukhale mphika wopuma pantchito, uja mphira wake unatha ndipo wina sapezeka, kapena wopindika chivundikiro, umene masiku ano akutungira madzi a nkhuku. Muuike chizindikiro cha penti ndipo kachitsulo kamluzu mukachotseretu panyumba, kuopa kuti mwana kapena mlendo angadzaphikiremo nyemba. Mphika wamagetsi ndi uja wopakidwa zakuda zoletsa chakudya kumatirira musayese n'komwe. Ngati wakale mulibe, poto aliyense wokhuthala wa chivundikiro chokwana bwino agwira ntchito yomweyo.

Tsopano kaphikidwe. Mufunika magalamu 300 a ufa wa tirigu, 200 a batala, 100 a shuga, kamchere kotsina ndi zala, ndi khungu la mandimu awiri kapena la lalanje limodzi lalikulu. Opanda sikelo atenge kapu ya mamililita 250: ufa makapu awiri ndi theka osatsendera, shuga theka la kapu, batala kapu imodzi yosadzaza kwenikweni. Batala ndi wokwera mtengo, ndipo kumidzi yambiri sapezeka. Majarini wolimba wophikira amalowa m'malo mwake, ngakhale kukoma kumatsikako. Pewani majarini wofewa wopaka pabuledi amene mafuta ake ndi ochepa, chifukwa malo a mafutawo anadzazamo madzi. Onani pachikuto: mafuta akhale pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, monga alili mu batala. Mafuta amadzimadzi okazingira sagwira ufa bwino pa mabisiketi awa. A ku Scotland ena amasakanizako ufa wa mpunga kuti bisiketi izimveka mchengamchenga. Ine ndimachotsa magalamu 50 a tirigu n'kuikapo ufa woyera wosefa bwino, ndipo sindinadandaulepo.

Tsukani chipatso, makamaka chochokera m'munda wopoperedwa mankhwala, ndipo chiume. Palani khungu lakunja lokha, lamtundu lija. Choyera cham'kati chimawawa, ndipo chikalowa chambiri ana adzalavula. Chopalira cha kusitolo chikasowa, chivundikiro cha chitini chobowolabowola ndi msomali n'chokwanira. Khungu la nachesi ndi lofewa, silipalika pachipatso. Lisendeni, mupale choyeracho ndi mpeni, kenako muliduledule tinthu ting'onoting'ono. Shuga wathu kawirikawiri amakhala wa mibulu ikuluikulu imene siisungunuka m'bisiketi yopanda madzi, choncho mupereni ndi botolo kapena mumusinje pang'ono. Kenako tikitani khungu lija m'shugayo ndi zala mpaka shuga anyowe ndi kununkhira. Anthu ambiri amadumpha pamenepa, koma ndi pamene mafuta a m'khungu amatulukira.

Sakanizani shugayo ndi batala wofewa, osati wosungunuka, mpaka zisalale. Thirani ufa ndi mchere, n'kusonkhanitsa ndi nsonga za zala mpaka zigwirane. Musakande ngati mandasi. Zikaoneka ngati zikukana kugwirana, pitirizani kupanikiza pang'onopang'ono. Kutentha kwa manja kumaliza ntchitoyo. Yalani pathebulo lowaza ufa kuti zikhuthale sentimita imodzi, dulani ndi kukamwa kwa tambula yaing'ono kapena ndi mpeni, ndipo mubaye iliyonse ndi foloko kawiri kapena katatu. M'miyezi yotentha monga Okutobala gwirani ntchitoyi m'mamawa, ndipo zodulazo zikhale pamalo ozizira kwa theka la ola. Batala akafewa kwambiri asanalowe pamoto, mabisiketi amaphwatalala n'kulumikizana.

Pamene zikuzizira, konzani mphika. Yalani mchere kapena mchenga wotsuka ndi wouma bwino, kuya kwake masentimita awiri. Ntchito yake ndi kufalitsa kutentha kuti kusaunjikane pamalo amodzi. Pamwamba pake ikani timiyala titatu tofanana msinkhu, mafuwa aang'ono, kuti mbale yachitsulo yophikiramo isakhudze pansi kapena m'mbali. Miyalayo isakhale yotola mumtsinje, chifukwa yonyowa m'kati imaphulika ikatentha. Vundikirani popanda mphira ndi kachitsulo kamluzu, ndipo mphika utenthe wokha kwa mphindi 10. Poyesa moto, wazani kaufa pang'ono m'mbale: kakada mphindi imodzi isanathe, moto wachuluka. Pambaula dikirani makala ayere phulusa, muchotseko ena, ndipo malawi asanyambite zogwirira zapulasitiki.

Ikani mabisiketi motalikirana pang'ono, vundikirani, ndipo musatsegule mphindi 15 zisanakwane. Kawirikawiri amapsa pakati pa mphindi 20 ndi 25. Kuona maso a nkhono n'kudekha: popeza moto uli pansi pokha, pamwamba pamakhalabe potuwa ngakhale bisiketi itapsa, ndipo wodikira kuti pafiire amapeza pansi pali makala. Nyamulani imodzi ndi mpeni. Pansi pakakhala pagolide ndipo m'mphepete mwayamba kufiira, phulani. Amatuluka ofewa ngati osapsa, n'kulimba akamazizira. Mchere uja udzachita imvi. Usungeni m'chitini kuti mudzaphikirenso, koma musauthire m'ndiwo.

Ndivomere kuti ine ulendo woyamba ndinalakwitsa kawiri pa tsiku limodzi. Ndinaona ngati khungu lokha silikwanira, ndiye ndinafinyiramo madzi a ndimu yathunthu. Ndinaiwalanso kuchotsa mphira. Fungo la matayala opsa linadzaza nyumba, ndipo mabisiketi amene anapulumuka anali olimba moti agogo anachita kuwaviika m'tiyi kwa nthawi, akundiyang'ana osanena kanthu. Ofuna kuwawasa kwa ndimu asapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi.

Nanga za bizinesi zija, mayi mlangizi? Ubwino wa shortbread ndi wakuti, pokhala youma, imakhala sabata imodzi kapena ziwiri m'chitini chotseka bwino, pamene mandasi osagulidwa lero mawa ndi otayika. Gulu lingaphike Loweruka n'kumagulitsa sabata yonse, kapena kulandira maoda a ukwati ndi misonkhano. Koma tengani cholembera musanatenge ngongole. Muyeso ndaperekawu umatulutsa magalamu 600 a ufa wosakaniza, ndiwo mabisiketi pafupifupi 30 a magalamu 20. Mphika wapakatikati umalowa 8 kapena 10 nthawi imodzi, kutanthauza maulendo atatu kapena anayi, pafupifupi maola awiri pamoto. Gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemerako ndi batala kapena majarini, chinthu chodula koposa zonse pa mndandanda. Phatikizani mtengo wa ufa, mafuta, shuga, makala, timapepala tokulungira ndi nthawi ya wophika, mugawe ndi 30. Kenako pitani kugolosale yapafupi mukaone mtengo wa paketi ya mabisiketi a kufakitale, pakuti ndi imene wogula adzayerekeza nayo.

Pa geti la sukulu ya pulayimale, pamene mwana ali ndi kandalama ka chitumbuwa chimodzi, sindikhulupirira kuti mungapambane. Kwa aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi a paboma, malo ogona alendo ndi okonza maphwando, mwayi ulipo, chifukwa fungo la ndimu yothyola dzulo silipezeka m'paketi. Gulu liyambe ndi muyeso umodzi, lilembe zonse zimene lawononga, ndipo ligulitse kaye kwa anthu asanu amene si achibale. Maoda akachuluka mpaka mphika kulephera, imeneyo ndiyo nthawi yokambirana za uvuni wa njerwa kapena wa mgolo.

Alimi amene muli ndi mitengo ya zipatsozi, nyengo isanathe palani khungu lochuluka, muliyanike pamthunzi podutsa mphepo mpaka liume gwa, n'kulisunga m'botolo lotseka bwino, kutali ndi dzuwa. Louma limachepa mphamvu poyerekeza ndi laliwisi, koma lidzakufikitsani ku mabisiketi a Khirisimasi, pamene manachesi adzakhala atasowa pamsika.