Luso lathu si basera ayi

Mumzinda wa Lilongwe muno muli ntchito imodzi imene aliyense amaifuna koma ochepa okha ndiwo amafuna kuilipira. Ndikunena ntchito yathuyi, ife madizaina, amene timajambula zizindikiro za makampani, zikwangwani, zikuto za mabuku, makalendala ndi maposita. Tayendani nokha kuchokera mu Malangalanga, muwoloke mlatho wa Lilongwe mpaka mukafike ku City Centre. Khoma lililonse lili ndi zilembo, paketi iliyonse ili ndi chithunzi. Kodi mumayesa zimamera zokha ngati bowa? Alipo munthu amene anachezera usiku.

Koma tamvani mmene amatilankhulira mabwana m'maofesimu. "Achimwene, ingotipangirani kakang'ono chabe, si za mphindi zisanu pakompyuta yanuyo?" Ntchito ikatha nyimbo imasintha: "Pepani, bajeti yatha, koma tidzakutchulani kwa anzathu." Kutchulidwa! Kodi landilodi wa ku Kawale amalandira kutchulidwa pakutha pa mwezi? Ofesi yomweyo mawa lake ili kunyanja kumsonkhano. Hotelo yalipidwa, mafuta agulidwa, aliyense wasainira alawansi yake. Yekhayo amene wabwerako chimanjamanja ndi mnyamata amene anajambula chinsalu chija chili kumbuyo kwa mlendo wolemekezeka.

Amene akuti kujambula nkungokongoletsa chabe aiwala mbiri ya dziko lino. Pa 14 June 1993, pa riferendamu ija, Amalawi anasankha pakati pa zithunzi ziwiri: tambala wakuda ndi nyali. Agogo amene sanapiteko kusukulu sanafune womasulira. Anaona nyali, anadziwa kuti ndi matipate, basi. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera, kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka nkuikapo dzuwa loyera lathunthu. Dziko linatekeseka, mikangano inabuka m'matchalitchi, m'manyuzipepala ndi m'mabawo momwe, mpaka mu 2012, nthawi ya Joyce Banda, Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa mbendera ya 1964. Tinkakanganiranji ngati chojambula chilibe kanthu? Ngakhale pamsika, mayi wogulitsa bonya sawerenga manambala pandalama. Amangoona mtundu wake ndi nkhope ya Rose Chibambo, wadziwa kale kuti ndi K200.

Nanga matendawa anayambira pati? Mbali ina ndi kwa anzathu osindikiza. Pofuna kukopa kasitomala amalemba mtengo wa pepala, wa inki ndi womatira, kenaka pansi pake nkunena kuti kujambula nkwaulere. Ndiye kuti luso lasanduka basera. Komatu basera timalidziwa tonse: ndi tomato mmodzi uja amakuikira pamwamba utagula mulu. Pano zatembenuka. Mulu weniweniwo ndi nzeru ya wojambula, pakuti pepala lopanda kanthu palibe amene angaliwerenge.

Bwana yemweyo akafuna kumanga nyumba ku Area 10 kapena ku Area 43, amayamba walipira katswiri wojambula pulani njerwa isanaikidwe ngakhale imodzi. Sanganene kuti, "Ndagula simenti, ndiye pulani mundipatse yaulere." Akudziwa kuti pulani yolakwika igwetsa nyumba. Nanga chizindikiro cha kampani yake, chimene chidzakhale pagalimoto, pamakalata ndi pachipata zaka makumi awiri, bwanji akufuna kuchigula pamtengo wa fanta ndi bansi?

Palinso mchitidwe wina wonyansa. Amaitana ojambula khumi kuti aliyense abweretse chitsanzo. Onse khumi agwira ntchito, awononga bandulo ndi magetsi. Yankho lake: "Palibe chatisangalatsa." Pakatha mwezi mukumana nacho chojambula chanu chija pamatisheti, angosintha mtundu. Tisazungulire apa, kumeneko nkuba. Lamulo loteteza eni luso la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, silinalembedwere oimba okha. Limatetezanso zojambula. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992, koma anthu ambiri akamva dzinali amangoganiza za nyimbo zapawailesi. Yafika nthawi yoti ojambulafe tizigogoda pakhomo pamenepo, ndipo bungwelo lizitilankhulira mokweza monga lichitira ndi oimba.

Ena akuti masiku ano foni ikupanga zonse, pali Canva, pali makina anzeru ojambula okha. Zoona, zilipo, ndipo nafenso timazigwiritsa ntchito. Koma taonani zimene zikupachikidwa m'misewumu. Posita ya kuchipatala koma namwino wake ndi mzungu wotapidwa pa intaneti. Uthenga wa ulimi koma munda wake ngwa ku America. Chichewa chake chothyokathyoka, moti nkuchita kufunsa kuti akuti chiyani. Makina sadziwa kuti kuno mtundu uliwonse uli ndi mwini wake: chikasu ndi UDF, buluu ndi DPP, olenji ndi PP. Sindikizani matisheti a katemera achikasu nthawi ya kampeni, muone ngati theka la mudzi silitsalira kunyumba. Wodziwa zimenezi ndi munthu amene anakulira kuno, ndipo nzeru imeneyo ndiyo mukulipira.

Musaiwalenso kuti zida zathu sizichokera ku Mitundu. Kompyuta ndi mapulogalamu ake timagula ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, wosindikiza anakweza mitengo ndipo palibe anadabwa, poti pepala ndi lakunja. Wojambula atakweza, anamuuza kuti wayamba matama.

Anzanga ojambula, nanunso mundimvere. Mnyamata amene akulandira K5,000 pa ntchito ya masiku atatu, ati kuti apeze dzina, akukumba dzenje limene tigweremo tonse, iye yemwe poyamba. Tiphunzire kwa akuluakulu aja olemba zikwangwani ndi bulashi ku Old Town. Wagolosale akafuna dzina pakhoma, iwo sakwera makwerero asanalandire ya penti. Sanapite kukoleji, koma mtengo wa dzanja lawo amaudziwa.

Tsono pempho langa nali, ndipo silovuta. Osindikiza, lembani mtengo wa kujambula pamzere wakewake kuti kasitomala auone. Mabungwe ndi maofesi a boma, mukafuna kuona luso la munthu, onani ntchito zake zakale. Mukafuna chitsanzo chatsopano, lipirani. Osindikiza mabuku, dzina la wojambula chikuto lilembedwe monga mulembera la mlembi. Ndipo ife tigwirizane: theka la ndalama patsogolo, mgwirizano ulembedwe papepala, ndipo wobera mmodzi wa ife adziwike kwa tonse. Mutu umodzi susenza denga.

Inu mabwana, walira mvula walira matope. Mukafuna chizindikiro choti anthu azikudziwirani, pisani m'thumba. Ngati ndi za mphindi zisanu monga mukunenera, kompyuta muli nayo patebulo panupo. Jambulani nokha, tione.