Kamfuti ka m'thumba: kateteza ndani kwenikweni?

Pa Chibelu chapitachi, cha m'ma 03 hours, ndinali kuseri kwa kabala kena ku Matero, DJ mnzanga akupinda zingwe za masipika. Dzina sinditchula, amayi ake amawerenga pepala lino. Mwezi watha ma junkies anamugwira pa kanjira ku Kanyama akuchokera ku kitchen party. Laputopu, mahedifoni, foni, zonse zinapita. Anamusiyira chabe chilonda pachipumi ndi nkhongole ya laputopu yomwe anali asanamalize kulipira.

Anatulutsa foni yobwereka n'kundionetsa zithunzi zitatu.

"Boi, nalema. Kuli mudala winangu wanilonjeza kamfuti kang'ono, kamene kangena mu poketi. Iwe uziba vinthu, nisankhileko."

Ine ntchito yanga ndi nyimbo ndi mafilimu, koma mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Ndinapita kukawerenga, ndipo zomwe ndinapeza ndi izi.

Chithunzi choyamba chinali Walther PPK, ija ya James Bond. Ndi ya ku Germany, inatuluka mu 1931, ndipo Bond anayamba kuinyamula mu Dr. No, filimu ya 1962. Ndi yokongola, zoona. Koma ndi chitsulo cholemera kupitirira theka la kilo. Bond amaibisa m'jekete yosokedwa ndi telala. Iwe ndi jinzi yako yothina ya mu salaula, thumba lidzalendewera mpaka aliyense mu basi adziwe chomwe wanyamula.

Chachiwiri chinali Ruger LCP ya ku America, yomwe inabwera mu 2008. Iyi ndiye ya m'thumba yeniyeni: siifika magalamu 300, botolo la Mosi lodzaza limailemera kuposa. Magazini yake imalowa zipolopolo 6. Vuto lake ndi kupepuka komweko. Mfuti ikachepa imadumpha kwambiri m'manja poombera, chogwirira chimakwana zala ziwiri chabe, ndipo kulunjika nayo pa chinthu chomwe chili patali ndi ntchito ya munthu wozolowera, osati woyamba lero.

Chachitatu chinali Glock 43 ya ku Austria, ya mu 2015. Nayonso imalowa zipolopolo 6, koma za 9mm, zamphamvu kuposa za Ruger. Ndi yaikulupo, m'thumba imakwana mokakamiza. Ilibe kabatani kokhomera komwe umatsegula ndi chala usanaombere. Chala chikakoka trigger, yalira basi.

Manje mverani nkhani ya Plaxico Burress. Mu February 2008 anagoletsa chigoli chomwe chinapatsa New York Giants chikho cha Super Bowl. Mu November chaka chomwecho analowa mu kilabu ku New York atapana Glock m'chiuno. Mfuti inayamba kutsetsereka kulowa m'buluku, iye n'kuigwira mwadzidzidzi, n'kudziombera yekha pantchafu. Atachira, khoti linamupatsa zaka 2, chifukwa mfutiyo inalibe chilolezo cha mumzindamo. Palibe kabwalala anamukhudza usiku umenewo. Uyo anali ndi mamiliyoni ndi maloya. Nanga DJ wa ku Kanyama?

Apa ndi pomwe ndinaleka kuyerekeza mfuti, n'kuyamba kuyerekeza mfuti ndi komboni yathu.

Poyamba, nyumba zathu. Ku Chawama, ku George, ku Mtendere, banja limodzi ndi lina amasiyana ndi khoma limodzi chabe, penanso ndi thabwa kapena katani. Chipolopolo sichifunsa kuti kabwalala ndi uti. Ukaphonya, ndipo mumdima wa malodi udzaphonya, chimaboola malata n'kupeza mwana wa ba landilodi ali mtulo. Ndiye m'chipinda chimodzi chomwe mugona anthu asanu, udzaibisa kuti? Pansi pa matilesi pomwe ana amafunafuna makoini a jigisi?

Chachiwiri, mowa. Mnzangayu amagwira ntchito pomwe anthu amamwa. Ndewu zomwe ndaona mu makilabu a Lusaka zimayamba ndi zinthu zopanda mutu: wandipondera nsapato, wayang'ana mkazi wanga. Lero zimathera pa shati yong'ambika, mawa anthu apatsana moni. Ikani kamfuti m'thumba mwa mmodzi wa iwo, nkhani ithera ku mochale ya UTH.

Chachitatu, wokuukira ndiye amasankha nthawi. Tonse tinaona vidiyo ya pa 10 February 2023, pomwe AKA anaomberedwa pa Florida Road ku Durban akutsanzikana ndi anzake. Zinatenga masekondi. Amene anagwira mnzangayu anali asanu, anachokera kumbuyo, iye manja onse ali ndi zikwama. Ndinamufunsa kuti dzanja lolowa m'thumba likanachokera kuti. Anangoti zii. Akanamulanda laputopu, mfuti n'kukhala bonasi, ndipo lero ikanakhala ikuzungulira mu Kanyama momwemo.

Chachinayi, lamulo. Mfuti muno mu Zambia zimayendera Firearms Act, Chapter 110, ndipo popanda chilolezo chodutsira kupolisi, kungopezeka nayo ndi mlandu wokulowetsa ku Chimbokaila. Mfuti ya ba mudala ilibe pepala, koma ili ndi mbiri. Sudziwa kuti inalira kuti chaka chatha. Kuba moopseza ndi mfuti unali mlandu wonyongedwa nawo mpaka December 2022, pomwe chilango cha imfa chinachotsedwa. Manje ndi kukhala m'ndende moyo wonse. Apolisi akayeza n'kupeza kuti ndi yomweyo inaombera pa shopu ina, udzafotokoza bwanji kuti unangogula kuseri kwa bala? Walira mvula, walira matope.

Sindikunena kuti mantha ake ndi abodza. Inenso ndimabwerera ku Kalingalinga usiku, ndipo ndikafika pa kona yopanda laiti mtima umagunda. Koma m'thumba mwanga muli izi: ndalama ya Yango yopindidwa payokha, yomwe sindigwira ngakhale mowa ukome bwanji, kafoni kamabatani kodzaza moto, momwe muli 991 ndi nambala ya a neighbourhood watch a kwathu, tochi, ndi wezulo. Wezulo ikalira mu komboni, zitseko zimatseguka. Mfuti ikalira, aliyense amalowa pansi pa bedi.

Kwa anzanga a masipika, lowetsani ndalama ya galimoto yobwerera mu mtengo wa ntchito. Mwini phwando akakana, siyani katundu pomwepo mukatenge kukacha, kapena gonani pa mpando mpaka mabasi ayambe kuyenda. Nyimbo zanu sungani pawiri. Laputopu imagulidwanso.

Pa Chitatu ndinamutumira foni mnzanga uja. Anati ba mudala akali kumuvutitsa, atsitsako ndi mtengo.

"Nanga iwe wabauza chani?"

"Nabauza ati nikali kuganiza. Koma boi, ija ya Bond niyabwino."

Ndi yabwino, zoona. Pa TV. Ngati uwerenga izi, mwana, ba mudala usabayankhe. Ndifuna ndidzalembe za iwe tsiku lomwe udzaimbitsa pa Heroes Stadium, osati pa tsamba la milandu.

Tionana sabata ya mawa.