Mpikisano wa mamotoka usakhale wa olemera okha

Ife tili m'gulu la anthu aja amene akamva kuti kuli mpikisano wa mamotoka amasiya khasu pakhonde, nakwera basi ya mbandakuca kucoka pa Chongwe kupita ku Lusaka, pofika kumeneko n'kuyambanso kufuna-funa motoka yokawatula ku mafamu a ku Chisamba, zonsezi kuti akaime m'mbali mwa mseu tsiku lathunthu ndi kumeza fumbi. Apabanja pathu anatopa nako kutifunsa cimene timapindulako. Motoka imene mwaiyembekezera maola awiri imakupitirirani musanaphethire, n'kukusiyani muli mbuu ngati munthu wocokera ku cigayo. Koma amene anamvapo injini ikulira kuseri kwa mitengo, motoka yake isanaoneke, adziwa cimene cimatikokera kumeneko.

Tilemba tsono monga okonda masewerawa, ndipo dandaulo lathu ndi lakuti malamulo ena pamodzi ndi ndalama zawacotsa m'manja mwa anthu wamba.

Acinyamata ambiri sadziwa kuti Zambia ili ndi dzina lalikulu pa mpikisano umenewu wa rally. Cikho ca Africa yonse cinayamba kulimbiranidwa mu 1981, ndipo palibe munthu amene anacitenga kambiri kuposa a Satwant Singh a kuno kwathu, amene anapambana kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000. A Muna Singh anacitenga mu 2004 ndi 2005, a Mohamed Essa mu 2012, a Jassy Singh mu 2013, ndipo mu 2022 a Leroy Gomes ndi akazi ao a Urshlla, amene amakhala pambali kuwauza njira, anacibweretsanso kuno. Pa mpira wa miyendo tinayembekezera mpaka 2012 kuti tione cikho ca Africa kamodzi cabe. Pa mamotoka tacigwira kopitirira kakhumi, koma onani kuti maina ake ndi a mabanja owerengeka.

Cimene cinkakometsa masewerawa kale ndi cakuti motoka yothamanga inali yomweyo imene mumaiona pa mseu. Ku Kenya, pa mpikisano wochuka wa Safari umene unayamba mu 1953, Peugeot 404 inapambana kanai, Datsun 1600 inapambana mu 1970, ndipo Peugeot 504 mu 1975. Acikulire a ku Kanakantapa ndi Chalimbana akumbukira kuti awa ndiwo mamotoka amene ankanyamula matumba a feteleza ndi odwala opita ku cipatala. Nkhani imene timaikonda koposa ndi ya a Joginder Singh. Mu 1965 iwo ndi mbale wao Jaswant anatenga Volvo yakale imene inali itathamangapo kale pa mpikisanowo caka ca m'mbuyo, naikonza ndi manja ao, ndipo anasiya kumbuyo magulu a makampani akulu-akulu a ku Ulaya. Makanika aliyense womva nkhani imeneyi ankatha kunena mumtima kuti, inenso ndingayese.

Ngakhale m'masiku a a Muna ndi a Essa khomo linali lisanatsekeke kotheratu. Panali gulu lochedwa Group N, limene lamulo lake linali lakuti motoka ikhale ya mtundu umene kampani yapanga yosacepera 2,500 pa caka yogulitsa kwa aliyense, ndipo zosintha zikhale zocepa. Subaru Impreza ndi Mitsubishi Lancer zinalamulira m'gulu limeneli. Sizinali zochipa ai, koma munthu wa bizinesi yake yapakati ankatha kugula yakale, ndipo masipeya ake ankapezeka m'magalaja a mu Lusaka.

Kenaka bungwe la FIA, limene limayang'anira mipikisano ya mamotoka pa dziko lonse, linabweretsa gulu la R5, limene lero licedwa Rally2. Motoka yotere kunja ioneka ngati Ford Fiesta kapena Skoda wamba, koma mkati mwake ndi cinthu cina, copangidwira mpikisano cabe. Poyamba a FIA anaika malire akuti isadule kupitirira ma euro 180,000, ndipo anati iyi ndiyo motoka yochipa. Tiyeni tiiwerengere m'cimanga, pakuti ndiyo ndalama imene alimife timaimva bwino. Pa msintho wa 2024 ndalamazi zinali pafupi-fupi K5 miliyoni, pamene FRA inagula thumba la makilogalamu 50 pa K330. Ndiye kuti motoka imodzi ndi matumba ngati 15,000, musanalipire msonkho, musanagule matayala amene amatha pa tsiku limodzi, musanaitanitse sipeya kucokera ku Ulaya. A Manvir Baryan a ku Kenya atabwera ndi Skoda yotere anatenga cikho ca Africa katatu motsatizana, kucokera 2017 kufika 2019, ndipo kuyambira pamenepo aliyense anadziwa kuti wofuna kupambana ayambe waonetsa thumba lake.

Musatimve molakwa, abale. Sitikuti malamulo onse ndi oipa. Alipo malamulo amene analembedwa ndi magazi a anthu, ndipo amenewo asakhudzidwe. Mu 1986 ku Portugal motoka inalowa m'khamu la oonerera niipha anthu atatu, ndipo patangopita miyezi iwiri Henri Toivonen ndi mnzake Sergio Cresto anapsera m'motoka yao pa cisumbu ca Corsica. Gulu la mamotoka amphamvu zopitirira muyeso la Group B linaletsedwa caka comweco cisanathe. Ku America, Dale Earnhardt atafa pa Daytona mu 2001, oyendetsa onse anakakamizidwa kuvala cocirikiza khosi ndi mutu cimene ena anali kucikana kuti cimawapanikiza. Zitsulo zochinjiriza woyendetsa motoka ikagubuduzika, cisoti, malamba, cozimira moto, zonsezi ndi zodula koma ndi zoyenera. Ngakhale lamulo lakuti malamba asinthidwe pakatha zaka zisanu, angaoneke atsopano bwanji, ife tilivomereza, pakuti maliro ndi odula kuposa lamba.

Pano tidzidzudzule tokha pang'ono. Oonererafe ndife osamva. Woyang'anira akakuuzani kuti cokani kunja kwa kona, pamene motoka imathera ikalephera kukhota, mumamuyankha kuti fumbi likuwombera mbali inayo. Taonapo bambo ataima pamalo otero, botolo m'dzanja, mwana ali paphewa.

Kusiyana kwa malamulo awiriwa tinakuona bwino pa mnyamata wina wa kwathu, makanika wa pansi pa mtengo amene amatikonzera mathirakita ndi mapampu a madzi. Anasonkhanitsa Corolla yakale kwa zaka ziwiri, naotcherera yekha mapaipi mkati, napita nayo kuti akalowe mpikisano wina. Oyesa mamotoka anamubweza cifukwa mapaipiwo sanali a citsulo coyenera. Ife tinakwiya tsiku limenelo, koma titaganiza bwino tinaona kuti anamupulumutsa. Cimene cinatiwawa ndi cimene cinatsatira. Atawerengera mtengo wa zitsulo zovomerezeka, mipando, zovala, laisensi ndi ndalama yolowera, anapeza kuti zipitirira mtengo wa motokayo kangapo, ndipo ngakhale akanakwanitsa akanathamanga kumapeto kweni-kweni, anthu a makamera atapita kale kukadya. Corolla ija tsopano imanyamula tomato kupita ku Soweto.

Amene afuna kuona kumene njira iyi imathera ayang'ane ku America. Mpikisano wao waukulu wa NASCAR unayamba mu 1948, ndipo dzina lakuti stock car litanthauza motoka monga momwe yacokera ku sitolo. Pa mpikisano woyamba wa gulu lao lalikulu ku Charlotte mu 1949, Glenn Dunaway anafika woyamba koma analandidwa mphotho cifukwa masipuling'i a kumbuyo kwa motoka yake anali osinthidwa, ndipo inapatsidwa kwa Jim Roper. Lero dzinalo latsala pakamwa cabe, pakuti palibe sitolo imene mungagulemo motoka yothamanga kumeneko. Cikho cao cinachedwa ndi dzina la fodya wa Winston kwa zaka zopitirira 30, kenaka la kampani ya mafoni, kenakanso la cakumwa. Mu 2017 anayamba kudula mpikisano m'zigawo, mamotoka n'kucepetsa liwiro pakati, nthawi imene a wailesi yakanema amaonetsa malonda. Mu 2016 anakhazikitsa malo 36 otsimikizika amene eni magulu amagulitsana pa mamiliyoni a madola, ndipo pofika 2024 ngakhale Michael Jordan, munthu wolemera cotero, anatengera eni mpikisanowo ku khoti podandaula za kayendetsedwe ka ndalama. Ngati wotere alira, makanika wa pa Chongwe anganene ciani?

Za makampani othandiza ndi ndalama tikambe mosabisa. Popanda iwo mpikisano kulibe. Ambulansi, mafuta, mawailesi a oyang'anira, inshuwalansi, zonse zifuna ndalama, ndipo Safari yeni-yeniyo inacotsedwa pa mipikisano ya dziko lonse itatha ya 2002 maka-maka cifukwa ca ndalama, mpaka inabwerera mu 2021 boma la Kenya litalowererapo. Tsono walira mvula walira matope, ndipo zikwangwani ndi mbendera zao sitizida. Cimene tikana ndi cakuti ndalama yonse ithere pa motoka imodzi kapena ziwiri za kutsogolo ndi pa tenti ya alendo olemekezeka, imene imaikidwa pamalo oonekera bwino, ena onse n'kukankhidwira kuseri kwa cingwe. Tikananso kuti mseu wa m'mafamu usiyidwe ndi migula mamotoka akapita. Amene wayendetsapo ngolo yodzaza cimanga mumseu umene mwadutsa mamotoka makumi awiri othamanga adziwa kuti ng'ombe ndi ekiselo ndizo zimalipira.

Pempho lathu kwa a Zambia Motor Sport Association ndi ili. Pakhale mpikisano wa mamotoka wamba umene uli ndi tsiku lake-lake ndi cikho cake-cake, osati wongomangiriridwa kumcira kwa wa akulu-akulu. Injini isapitirire 1600cc, yopanda turbo, matayala a m'sitolo, petulo wa pa pampu. Malamulo a citetezo akhale omwewo osacotsapo ngakhale limodzi, koma zisoti, malamba ndi zozimira moto zikhale za bungwe, zobwereketsa, ndipo apa ndipo pamene kampani yofuna kuti alimi aidziwe ingaike dzina lake ndi ndalama yake. Amakanika angapo aphunzitsidwe kuotcherera zitsulo zochinjiriza mwa muyeso wovomerezeka kuti nchitoyi icitikire kom'kuno.

Palinso nzeru ina imene tingabwereke ku Finland, dziko limene latulutsa akatswiri ambiri a rally. Kumeneko kuli mpikisano wa munthu aliyense wa mamotoka akale, ndipo lamulo lake ndi lakuti mpikisano ukatha wina aliyense angathe kugula motoka yanu pa mtengo umodzi wocepa umene unaikidwa kale, ndipo mukakana kugulitsa mulandidwa laisensi. Motero palibe amene amathiramo cuma cake conse, cifukwa adziwa kuti madzulo ingapite ndi mnzake. Wopambana amakhala amene adziwa kuyendetsa ndi kukonza. Tidziwa kuti kuno kwathu lamulo lotere lingabweretse mikangano poyamba, pakuti munthu ndi motoka yake ali ngati mlimi ndi ng'ombe yake ya pa goli, koma liyenera kuyesedwa.

Malo tili nao. Miseu ya fumbi m'boma la Chongwe ndi yambiri, ndipo Lusaka ili pafupi moti oonerera angabwere m'mawa ndi kubwerera madzulo. Mpikisano ucitike tikatha kukolola, pa Ciweru, kuti usalimbane ndi mapemphero a pa Sondo, ndipo usagwe pa masiku a Chakwela Makumbi. Okonza ayambe akaonekera kwa Amfumu Nkomeshya Mukamambo II ndi kwa mafumu a midzi imene mseu udutsamo, agwirizane ndi khonsolo ndi apolisi, uthenga ulengezedwe m'machalichi ndi m'masukulu milungu iwiri isanakwane kuti ziweto zitsekeredwe ndi ana asasewere mumseu. Ndipo ndalama ya giredala yodzasalaza mseuwo iikidwe m'manja mwa khonsolo motoka yoyamba isananyamuke.