Za Kwathu ku Palabana

Mwezi uno tikambeko za kwathu. Palabana ili kum'mwera cakum'mawa kwa Lusaka, m'boma la Chongwe, m'dziko la Asoli, la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Pamene atsamunda anasamutsira likulu ku Lusaka m'caka ca 1935, anapeza Asoli atakhala kale kuno, akulima ndi kupempha mvula. Mwambo wa Chakwela Makumbi, umene ucitika mvula isanagwe, ndiwo mboni yake. Ifenso Akatolika sitili alendo m'boma lino: Bambo Torrend, wa cipani ca Ayezuiti, anatsegula misyoni ya Kasisi m'caka ca 1905.

Dzina la Palabana linamveka kutali cifukwa ca sukulu ya boma yophunzitsa kuweta ng'ombe za mkaka. Koma ng'ombe ifuna udzu, ndipo udzu ufuna malo. Lero Lusaka ikukwawa kubwera kuno. Kumene tinali kudyetsa ziweto kwadulidwa mapuloti, mipanda ya njerwa yaima. Obwera sitiwada ai. Acewa, Abemba ndi Atonga tikhala nawo pa benci limodzi pa Misa, ndipo kwaya yakoma. Cimene citiwawa n'cakuti bambo agulitsa munda wa banja mwakacetecete, mayi ndi ana n'kudzamva za malondawo pamene wogula afika ndi waya. Ndalama zikutha miyezi ingapo. Cilala ca 2024 citafika, mabanja otere analibe ngakhale dimba lothirira ndiwo, ndipo ena tinawaona akufuna ganyu pa munda umene unali wao.