Mapazi zana a mwana wa mlongo wanga

Mwana wa mlongo wanga, uja akuphunzira ku Beira, anabwera kutchuthi kuno ku Ulongwe mwezi wa June, ndipo usiku woyamba womwewo anandiika pakamwa pa anthu. Titangomaliza nsima ya nyemba, anasamba m'manja, n'kuvala jekete, n'kuyamba kuzungulira nyumba milomo ikugwedera. Kunja kunali chisanu chija mumachidziwa, chotsika kuphiri la Domwe, choti ngakhale galu safuna kuchoka paphulusa. Galu wathu anadzukabe n'kumamulondola, poyesa kuti kutsogoloko kuli fupa. Kutacha, mayi wina wa kuseri kwathu anafunsa mayi a kunyumba monong'ona kuti kodi tayamba liti kutsirika nyumba.

"Malume, amenewa ndi mapazi zana," anatero nditamufunsa. Akuti ku India, kwa anthu olankhula Chimarathi a chigawo cha Mumbai, mwambowu amautcha shatapavali: ukadya mgonero usathamangire kumphasa, yamba wayenda pang'ono kuti chakudya chitsike. Kenako anatulutsa foni kuti andiphunzitse zina, za madzi ofunda m'mawa ndi kachidutswa ka jinja kothira mchere ndi ndimu usanadye.

Ndinamusiya alankhule. Chimene sankadziwa n'choti malume akewa anaziona zonsezi iye asanabadwe, popanda foni. Nthawi ya nkhondo, ambiri a ife titathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ine ndinapitirira mpaka ku Limbe, kumene ndinasenza katundu m'sitolo ya mmwenye wina kufikira mtendere wa 1992. Malipiro ake tisawatchule, mtima ungandiwawenso. Koma kadyedwe ka bamboyo ndinkakayang'anitsitsa. Dzuwa likafika paliwombo ankatseka chitseko, kaya pakhomo pali wogula, chifukwa chakudya chachikulu kwa iye chinali cha masana, madzulo ankangolawa. Akatha kudya ankamwa chaas, mkaka wosasa wosungunula ndi madzi, wothira mchere pang'ono ndi jira wokazinga. Pathebulo sipankasowa kambale ka timbewu tobiriwira ta saunf, totafuna pomaliza kuti mpweya usadzaze m'mimba. Ndipo mu ndiwo za mtundu wa nyemba mkazi wake ankatsinamo hing, kanthu konunkha koti ukakanunkhiza kosaphika ungathawe m'khitchini, koma ntchito yake n'kuletsa nyimbo zija nyemba zimaimba usiku m'bulangete.

Asing'anga awo a Ayurveda amati m'mimba muli moto wotchedwa agni, ndipo moto umenewu suyenera kuthiridwa madzi ozizira kapena kuunjikiridwa nkhuni zopitirira. Buku lawo lakale la Charaka limalangiza kugawa mimba patatu: gawo la chakudya, gawo la zakumwa, lachitatu kulisiya lopanda kanthu. Ine ndikamva zimenezi ndimakumbukira kuti makolo athu anati m'mimba ndi nchipala. Ndikudziwa, aphunzitsi, musandilembere kalata: mwambiwo umanena za ana a bere limodzi obadwa ndi mitima yosiyana. Komabe nchipala ndi nchipala. Wosula makasu amene amathira makala mpaka kutseka pamene mvukuto ukupumira amangopeza utsi. Nanga ife timatani? Mitanda isanu, mimba ndii, kenako kugeya kumodzi n'kugwa pamphasa ngati thumba la kachewere. M'mawa tiziti atilodza.

Chimene chimandipsetsa mtima si kuyenda kwa mnyamatayo ayi. Kuyenda pang'ono ukadya ngakhale madokotala amavomereza, kumathandiza kuti shuga asakwere msanga m'magazi. Chondiwawa n'choti mwana yemweyu, mdzukulu wa Angoni oweta ng'ombe, agogo ake akamupatsa chambiko amakwinya mphuno ati ndi mkaka woola. Kodi chaas uja n'chiyani ngati si chambiko chothira madzi? Chikatuluka m'chipanda n'chaumve, chikatuluka pafoni ndi nzeru za ku India. Thobwa nalonso amalinyoza, pamene ndilo linkasunga mimba za anthu olima tsiku lonse m'madimba. Kudya ndi manja utakhala pansi, osathamanga, kumene akuti n'chinsinsi cha Amwenye, ife tinkakutcha kudya basi.

Ndipo poti mwandiyamba, ndinenepo za mgaiwa. Angónia ndi nkhokwe ya chigawo chonse cha Tete. Chimanga chabwino chotere timachikonola, mphale n'kuiviika masiku angapo, kuitsuka, kuiyanika, mpaka ufa uyere mbee ngati laimu. Zonse zimene zimakankha chakudya m'matumbo zapita ndi madeya, ndipo madeyawo timapatsa nkhumba. Tandiuzani, munaionapo nkhumba yodzimbidwa? Mlendo ukamuphikira mgaiwa amakanena kwawo kuti pakhomo paja pagwa umphawi. Ndiye timadya zoyera, n'kumakhala kuchimbudzi nthawi yoti munthu akadapalira mizere iwiri.

Amwenye si alendo m'chigwa cha Zambezi. Kufikira 1752 dziko lino Apwitikizi ankalilamulira kudzera ku Goa, ndipo amalonda a kumeneko anafika ku Tete kalekale. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, n'zoona, koma taonani zimene tinasankha m'thumba mwake: samusa wamafuta, achari, kale. Zokoma pakamwa tinatenga zonse. Kuimika dzanja mbale isanathe tinamusiyira mwiniwake.

Tsopano pamsika pabwera anyamata a timabotolo ta ufa ndi mibulu, akuti zachokera ku India ndipo zimatsuka m'mimba, mtengo wake mametikali oti ungagule nkhuku. Bambo wa ku Limbe uja sindinamuonepo akugula botolo lotere. Mankhwala ake anali m'khitchini ndi pa wotchi. Mankhwala ena a Ayurveda ogulitsidwa m'mabotolo atapimidwa ku America anapezeka ndi mtovu ndi mekyule. Ndipo chilungulira chosatha, kapena chimbudzi chakuda ngati phula, si nkhani ya jira. Zimenezo n'zakuchipatala, zingakhale zilonda za m'mimba.

Ndiulule kuti usiku wina, onse atagona, ndinayesa nanenso mapazi zana aja. Ndinawerenga m'Chipwitikizi poti Chichewa chimatalika ukapitirira khumi. Pa sessenta ndinapeza chitseko cha khola la mbuzi chili pululu, ndipo pochimanga ndinaiwala pamene ndinalekezera. Tulo ndinagona tabwino, ngakhale mayi a kunyumba akuti n'chifukwa choti tsikulo ufa unachepa.

Tchuthi chitatha ndinamuperekeza mnyamatayo kokwerera chapa. Anagula tchipisi todzaza jumbo, tonyezimira mafuta, ndi botolo la zoziziritsa kukhosi lochita kuuma, n'kukadzipanikiza pampando wakumbuyo kuti akhale chikhalire mpaka ku Tete. Ndinamufunsa pawindo za moto wa m'mimba uja.

"Malume," anatero pakamwa pali todzaza, "zimenezo ndi za madzulo."